Kuyeza magetsi a sola otulukira m'nthambo za ESCOM: malangizo kwa eni nyumba ndi amisiri ku Zomba

Dzuwa likuswa mtengo, mapanelo khumi ali padenga, inveta (chipangizo chosandutsa magetsi a mapanelo kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba) ikusonyeza kuti ikugwira bwinobwino, koma maunitsi omwe kale ankafika kumapeto kwa mwezi tsopano akutha pa masabata awiri. Mwini nyumba amayamba kukayikira mmisiri, kapena woyandikana naye kuti walumikiza waya mozemba. Nthawi zambiri wolakwa amakhala mita.

Mita zambiri za prepaid zimawerenga magetsi aliwonse odutsa mwa izo, kaya akulowa kaya akutuluka. Anazipanga dala choncho, chifukwa magetsi oyenda chobwerera chinali chizindikiro cha munthu amene watembenuza mawaya kuti abe. Ndiye inveta ikapanga magetsi oposa omwe nyumba ikudya, otsalawo amatulukira m'nthambo za ESCOM, mita n'kuwalemba ngati mwagwiritsa ntchito ndinu. Mwapatsa anansi magetsi, mwalipiranso. Mita zina m'malo modya maunitsi zimayatsa chizindikiro choti zasokonezedwa n'kudula magetsi, ndipo siziyambanso mpaka mutalandira nambala yapadera kuchokera ku ESCOM.

Tiwerengere limodzi. Mapanelo 10 a mawati 550 ndi makilowati 5.5, ndipo pa tsiku loyera kuno angapereke maunitsi 22 mpaka 25. Nyumba ya ku Matawale yomwe eni ake amachoka m'mawa, kutsala firiji ndi mwana akuonera TV, ingadye maunitsi 5 masana onse. Batire litenga ena 5 n'kudzaza cha m'ma 11 koloko. Otsala 12 aja akatuluka tsiku lililonse, pa mwezi ndi maunitsi 360 ochotsedwa pa zomwe munagula.

Yambani ndi kuiona mita

Werengani zolembedwa pankhope pake. Mupeza 230 V ndi 50 Hz, mupeza manambala ngati 5(60)A kapena 5(80)A osonyeza mphamvu yomwe ingapirire, kanambala 1 m'kabwalo kosonyeza mlingo wa kulondola kwake, komanso nambala yotsatiridwa ndi imp/kWh. Yomalizayi ikutanthauza kuti kanyali kofiira kamaphethira kangati pa yuniti imodzi. Ngati mita yanu ili pa pholo ndipo m'nyumba muli keypad yokha, jambulani nambala ya mitayo ndi dzina la kampani yoipanga, mufunse ku ofesi ya ESCOM ya ku Zomba mmene inakonzedwera pa magetsi obwerera.

Mita yowerenga mbali zonse imazindikirika msanga. Pa galasi pake manambala amasinthana, ndipo pambali pamaoneka 1.8.0 kenako 2.8.0. Woyambayo ndi magetsi omwe mwatenga, wachiwiriyo ndi omwe mwatulutsa. Zambiri zili ndi kamuvi kosonyeza komwe magetsi akupita pa nthawiyo. Ngati pakhomo pakadali mita yakale ya kagudumu kozungulira, ndipo kagudumuko kayamba kuyenda chobwerera masana, musakondwere. Manambala akatsika poyerekeza ndi mwezi watha, mungaimbidwe mlandu wosokoneza mita.

Mayeso awiri otsatirawa safuna chida chilichonse. Oyamba ndi oona ngati mita ikuwerenga molondola. Thimitsani inveta ndi zonse za m'nyumba, muyatse ketulo ya mawati 2,000 yokha. Pa mita ya 1000 imp/kWh kanyali kaphethire pafupifupi ka 33 pa mphindi, pa ya 1600 imp/kWh pafupifupi ka 53. Kakachepa pang'ono musadabwe, chifukwa volteji ikatsika ketulo nayo imakoka zochepa. Achiwiri ndi a amene anaika kale sola. Cha m'ma 12 koloko masana, batire litadzaza, thimitsani ma breaker onse a zipangizo za m'nyumba, musiye wa inveta ndi main switch. Lembani maunitsi omwe atsala, mudikire theka la ola, muonenso. Akatsika pamene palibe chomwe chikuyaka, mwagwira mbava yanu.

Njira yofulumira: kutseka khomo lotulukira

Kwa nyumba zambiri za ku Chinamwali, Mpondabwino kapena Sadzi, zomwe zili pa prepaid, chanzeru ndi kuletsa inveta kutulutsa magetsi kunja. Amisiri amati zero export. Inveta imafunika diso loona zomwe zikuchitika pa waya wolowa m'nyumba, ndipo disolo ndi CT, kamphete kotseguka komwe amapanira pa waya. Ntchito yake imaoneka yaing'ono, koma zolakwika zambiri zimachitikira pomwepa.

Malo a CT ndi pakati pa mita ndi DB (bokosi la ma breaker la m'nyumba), kumbali ya mwini nyumba, malo omwe waya wa inveta amalumikizira asanafike. Ikakhala kupitirira pamenepo imangoona zomwe nyumba ikudya, osaona zomwe zikutuluka. Zomatira za pa mita musazikhudze, si zanu. Kumbukiraninso kuti mukathimitsa main switch, waya wochokera ku mita amakhalabe ndi moto mpaka pa zomangira za switch yomweyo. Yezani ndi tesita musanalowetse dzanja.

Panani waya wamoto yekha, wofiira kapena wabulauni. Mukapana wamoto ndi wa neutral pamodzi, mphamvu zawo zimafafanizana ndipo CT imawerenga ziro tsiku lonse. Tsekani mpaka imveke kuti thwa. Kampata kochepa ngati tsitsi, kapena kafumbi pa nkhope za chitsulo chake, kamachepetsa zowerenga. Pa CT pali muvi. Makampani ena amafuna muviwo uloze ku mita, ena ku nyumba, choncho musatsatire chizolowezi cha inveta yomwe munaika mwezi watha. Tsegulani buku la yomwe ili m'manja mwanu.

Kenako lowetsani mu inveta mlingo wa CT. Yolembedwa 100 A/50 mA mlingo wake ndi 2000:1. Mukaika CT ya mtundu wina inveta ikadali pa nambala yakale, zonse zomwe ikuwerenga zikhala zokhota mofanana, mwina theka, mwina kawiri.

Kawaya ka CT kamanyamula mphamvu yochepa kwambiri, ndiye kamasokonezeka msanga. Musakayendetse mu paipi imodzi ndi mawaya a magetsi. Ngati inveta ili ku garaja ndipo DB ili m'nyumba yaikulu, mtunda woposa womwe buku lalola, musangolumikiza mawaya a belu. Ikani kamita kakang'ono mu DB, kalankhulane ndi inveta kudzera pa mawaya otumizira uthenga a RS485. Gwiritsani ntchito mawaya awiri opotana a mu CAT6, A apite ku A, B ku B. Liwiro lolankhulirana, lomwe kawirikawiri ndi 9600, ndi adiresi ya kamitako zifanane mbali zonse. Pa mtunda wautali ikani resistor ya ma ohm 120 kumapeto.

Kuyesa kwake n'kosavuta, ndipo mmisiri asachoke pakhomo asanayese. Thimitsani mapanelo ndi batire, muyatse ketulo ija. Inveta isonyeze kuti nyumba ikutenga pafupifupi makilowati 2 kuchokera kunja. Ikasonyeza kuti akutuluka, CT yatembenuka. Zotsatira za CT yotembenuka zimasokoneza mutu: inveta ikaona magetsi olowa imaganiza kuti akutuluka n'kudzichepetsa mpaka ziro, mapanelo kumangowotha dzuwa; ikayamba kutulutsa imaganiza kuti nyumba ikufuna ambiri n'kuwonjezera mpaka pamapeto pa mphamvu zake.

Zinthu ziwiri zoti muike mu makonzedwe a inveta. Choyamba, musaike ziro weniweni. Simbi kapena pampu ikazima mwadzidzidzi, inveta imatenga kamphindi kuti ichepetse, ndipo pa kamphindiko magetsi amadontha kunja. Iuzeni kuti nthawi zonse izikoka mawati 30 mpaka 50 kuchokera ku ESCOM. Mawati 50 kwa maola 10 ndi theka la yuniti pa tsiku, mtengo wochepa poyerekeza ndi mita yodzitseka Loweruka madzulo. Chachiwiri, yatsani lamulo loti kulankhulana ndi CT kukaduka, inveta isiye kupereka magetsi mbali ya ESCOM. Makoswe a kudenga sasankha waya.

Zero export ili ndi kuipa kwake: mphamvu yomwe mapanelo akanapanga imangotayika osapangidwa. Bwezerani posamutsira ntchito zolemera masana. Giza ya malita 150, kutenthetsa madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika 60, imadya pafupifupi maunitsi 7. Muiikire timer iyake kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana. Kupopera madzi mu thanki, kusita ndi kuchapa zichitikenso nthawi yomweyo. Mwa maunitsi 12 aja, ambiri apeza ntchito pakhomo pomwepo.

Njira ya mita yowerenga mbali zonse

Sukulu, loji, ofesi yotseka Loweruka ndi Lamlungu, kapena aliyense wokhala ndi denga lalikulu angafune kuti otsalawo atuluke ndipo awerengedwe. Apa ntchito imayambira pa pepala, musanagule ngakhale panelo limodzi. Mita ndi nthambo ndi za ESCOM, ndipo MERA ndi yomwe imavomereza mitengo ya magetsi ndi kupereka ziphaso kwa amisiri. Lembani kalata ku ESCOM, muphatikize chojambula cha kalumikizidwe konse kuyambira pa mapanelo mpaka pa mita, pepala la inveta losonyeza mphamvu zake, satifiketi yoti inayesedwa motsatira miyezo ya padziko lonse ya IEC 62116 ndi IEC 61727, ndi chiphaso cha mmisiri. Mpaka yankho lolembedwa litabwera ndi mita yoyenera itaikidwa, inveta ikhale pa zero export. Mawu a pakamwa a munthu wodzawerenga mita sakutetezani tsiku la mlandu.

Mgwirizanowo muuwerenge modekha, ndipo muone kuti ukuyankha mafunso awa. Kodi yuniti yotuluka ikufafaniza yuniti yolowa, kapena ili ndi mtengo wakewake? Kodi zotsala za mwezi uno zimapitirira mwezi wamawa? Malire a makilowati omwe mungatulutse ndi angati? Mita agula ndani, ndipo mukaikayikira aiyesa ndani? Yankho la funso loyamba ndi lomwe limanena kukula kwa sola yomwe muyenera kugula. Ngati yuniti yotuluka ili yotsika mtengo kuposa yolowa, mapanelo owonjezera sabweza ndalama msanga. Malo akuluakulu ogulitsa magetsi a dzuwa, monga a mamegawati 60 ku Salima omwe anayamba mu 2021 ndi a mamegawati 20 ku Golomoti a mu 2022, amayendera mgwirizano wa zaka zambiri. Pa ntchito za msinkhu umenewo pamakhala mita yaikulu ndi ina yotsimikizira, kuti imodzi ikasokera inzake iulule. Nzeru imeneyi ndi yofunika ngakhale pa sukulu ya ku Domasi: kamita kanu ka mu DB kakhale mboni.

IEC 62116 ija si nambala yongokometsera pepala. Imatsimikizira kuti magetsi a ESCOM akathima, inveta imasiya kutulutsa pasanathe masekondi awiri. Thiransifoma imagwira mbali zonse. Inveta ikapitiriza kukankha magetsi m'nthambo zakufa, thiransifoma imawakweza kufika mavolti 11,000 kumbali inayo, komwe mwina mmisiri wakwera pholo akudziwa kuti anathimitsa. Yesani masana: gwetsani main switch, muone kuti mbali ya ESCOM ya inveta yazima nthawi yomweyo. Mukabwezera, idikire kaye, kawirikawiri mphindi imodzi kapena kuposerapo, isanalumikizenso. Pafupi ndi mita ikani switch yotheka kukiya ndi loko, ndi chikwangwani chonena kuti pakhomo pali sola.

Zimenezi zikutanthauzanso kuti nthawi ya blackout palibe chomwe mumagulitsa. Omwe akukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, akudziwa kuti magetsi angathime masana ambiri motsatizana. Powerengera phindu chotsanipo maola amenewo. Ndipo inveta yopanda batire, yodalira ESCOM, imazima nawo limodzi ngakhale dzuwa lili pamutu.

Malo okoka mphamvu zambiri, monga chigayo, amayezedwa kudzera pa ma CT akuluakulu, mwachitsanzo 200/5, ndi mita yolondola kwambiri ya Class 0.5S. Zomwe mita yotere ikusonyeza nthawi zina zimafunika kuchulukitsa: pa 200/5 nambala yake ndi 40, ndiye 12.5 pa galasi ndi maunitsi 500. Funsani ngati kuchulukitsako kunalowetsedwa kale mu mita, kuopa kuchulukitsa kawiri. CT ya ma ampeya 5 siimasulidwa mawaya ake magetsi akuyenda. Ikasiyidwa yotseguka imatulutsa volteji yotha kupha, choncho mawaya ake awiriwo amayamba alumikizidwa pamodzi.

Pa magetsi a ma phase atatu, a mavolti 400, CT iliyonse iyende ndi volteji ya phase yake. CT ya phase yoyamba (L1) ikalumikizidwa pa malo a yachiwiri (L2), ma ampeya amaoneka olondola koma makilowati amakhala bodza: katundu wamba ngati heater amaoneka ngati akutulutsa theka la mphamvu yomwe akudya. Yesani phase imodziimodzi ndi ketulo. Dziwaninso ngati mita imaphatikiza ma phase onse isanalembe, kapena imalemba iliyonse payokha. Ikakhala ya mtundu wachiwiri, inveta ya phase imodzi ingatulutse pa L1 pamene mukugula pa L2 ndi L3 nthawi yomweyo.

Kuwerenga ndi kusunga manambala

Manambala ndi atatu: omwe inveta yapanga, 2.8.0 ndi 1.8.0. Werengani tsiku limodzimodzi mwezi uliwonse, ola limodzimodzi, mujambule ndi foni, mulembenso m'kope. Zowerenga za mwezi uno muchotsepo za mwezi watha. Tinene kuti inveta yapanga 640, otuluka ndi 310, olowa ndi 180. Omwe mwadya kuchokera ku sola ndi 640 kuchotsa 310, kutsala 330. Nyumba yonse yadya 330 kuphatikiza 180, ndiwo 510. Ngati pali batire, mwa 330 aja muli omwe atayika polowa ndi potuluka m'batiremo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a odutsamo pa lithium, ndipo ochulukirapo pa mabatire a asidi. Manambala a pa foni ochokera ku inveta akasiyana pang'ono ndi a mita, n'zachibadwa. Polipirana, yomwe imamveka ndi mita yomatidwa.

Musayerekeze Juni ndi Okutobala n'kuyamba kuimba foni kwa mmisiri. Zomba ili pa madigiri 15 kumwera kwa equator, n'chifukwa chake mapanelo amayang'ana kumpoto, opendekeka pafupifupi madigiri 15. Koma kumpoto chakumadzulo kwa tauni kuli phiri. M'miyezi yozizira dzuwa limapendekera komweko, ndipo nyumba za m'munsi mwa phiri, cha ku Mulunguzi, zimalowa mumthunzi masana asanathe, pamene za ku chigwa cholowera ku nyanja ya Chilwa zikadali padzuwa. Onjezerani chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, masiku atatu kapena anayi a nkhungu ndi mvula yowaza. Mu Seputembala ndi Okutobala kumwamba kumayera koma fumbi ndi utsi wa moto wa kutchire zimamata pa galasi. Tsukani ndi madzi wamba m'mawa mapanelo asanatenthe. Mwezi uliwonse uyerekezedwe ndi mwezi womwewo wa chaka chatha.

Inveta ikamazima yokha masana

Nambala ya 2.8.0 ikakhala yochepa pamene kunja kukuwala, onani zolemba za inveta. Mukapeza uthenga wa volteji yokwera cha m'ma 11 koloko mpaka 1 koloko, chifukwa chake ndi ichi: kuti magetsi atuluke, inveta iyenera kukweza volteji yake kuposa ya mu nthambo. Malire ambiri ali pa mavolti 253, omwe ndi 230 kuwonjezera magawo 10 pa 100. Nyumba yoyandikana ndi thiransifoma ingakhale kale pa 245 masana, anthu atapita kuntchito. Inveta ya makilowati 5 imakankha ma ampeya pafupifupi 22. Pa mtunda wa mamita 30, waya wa kopa wa 4 mm² amawonjezera mavolti 6, wa 6 mm² mavolti 4, wa 10 mm² pafupifupi 2.4. Pa 245 kuphatikiza 6, kuphatikizanso kukwera kwa pa waya wochokera ku pholo, mwafika pa malire.

Yezani volteji pa mita ndi pa inveta nthawi imodzi, inveta ikugwira mwamphamvu. Kusiyana kukakula, sinthani waya kapena sendezani inveta pafupi ndi DB, ndipo mangitsani zomangira zonse, chifukwa cholumikizira cholefuka chimatentha ndi kukwezanso volteji. Ikakhala yokwera pa mita pomwepo inveta ili chithimire, nkhaniyo ndi ya thiransifoma, kanenani ku ESCOM. Chomwe musalole ndi mmisiri wokweza malire a inveta kufika 270 kuti alamu ileke kulira. Alamu ileka, koma firiji yanu ndi mababu a anansi ndi omwe alipire.

Mvula ya mabingu ikayamba mu Novembala, mphenzi yogwa patali imatumiza mphamvu m'nthambo, ndipo mbali ya RS485 ndi imodzi mwa zoyamba kupsa. Ikani surge protector (chotchingira mphamvu ya mphenzi) ya Type 2 mbali ya mapanelo ndi ina mu DB, waya wake wopita ku earth akhale wamfupi ndi wowongoka. Mvula yamkuntho ikadutsa, bwerezani mayeso a ketulo.

Pali vuto lina la eni mita za pa pholo. Keypad zambiri zimalankhula ndi mita kudzera m'mawaya a magetsi omwewo. Mmisiri akasamutsira masoketi onse kumbali ya inveta yomwe imayakabe nthawi ya blackout, uthenga wa keypad sufika ku pholo, ndipo manambala 20 a maunitsi amakanidwa ngakhale muwalowetse kasanu. Siyani soketi imodzi pafupi ndi DB yolumikizidwa molunjika kumbali ya ESCOM, mulembepo kuti ndi ya keypad, ndipo muikemo mabatire atsopano mu keypadyo. Tsiku lomwe maunitsi adzathere mita n'kudula, soketiyo idzakhala ilibe moto, ndipo keypad idzadalira mabatire akewo kuti itumize nambala.